Timahedifoni ta pa Limbuli

Ndinatigula pa Limbuli tsiku la msika
kwa mnyamata wa jekete lofiira, Witinesi,
amene analumbira pali mayi ake
kuti timeneti timapha phokoso.
Anayamba ndi teni sauzande. Ndinachoka.
Anandithamangira mpaka pa ogulitsa nandolo:
sikisi faifi, bwana, ndangokukondani.

Kabokosi koyera ngati dzira la nkhuku yachizungu,
mkatimo tiana tiwiri tamapasa titagona chopindika,
topanda chingwe, topanda mchombo.

Ine ndimagwira pa chigayo cha a Makwinja pa Chitakale.
Ndikaweruka chigayo chimanditsatira kunyumba,
chimagona nane pamphasa,
n'kumagayabe m'khutu ngakhale magetsi atazima Mulanje yense.

Tsiku loyamba nditativala
mayi wina wokhala mkatimo
analankhula Chizungu cham'mphuno, mawu awiri basi.
Kenako, ndinene zoona,
phokoso silinafe.
Linangobwerera m'mbuyo pang'ono
monga amachitira galu ukawerama ngati ukutola mwala,
n'kuima poteropo, kumandiyang'ana.

Kakumanzere kamatha moto ola lisanakwane.
Kakumanja n'kolimba mtima, kamafika masana,
koma gitala kamamutafuna ngati nzimbe
n'kundilavulira makoko.
Ng'oma imamveka ngati mlendo wamanyazi
akugogoda pakhomo la eni.
Ndikaimba foni, Esinta amati:
mwagweranso m'chitsime, bambo a Dokiso?
Ndipo ufa suona mtengo wa chinthu, umangolowa.
Pofika sabata yachitatu
ndinali kutitokosa ndi kamtengo ka machesi.

Komabe sindingatinyoze pagulu.
A Chikopa, eni nyumba, akabwera pachigayo
kudzakumbutsa za miyezi iwiri ija,
amapeza toyera tili m'makutu mwanga.
Amalankhula, ine ndimaloza khutu,
ndimaloza chigayo, ndimagwedeza mutu mwaulemu.
Sadziwa kuti moto unatha kalekale,
kuti ndikumva liwu lililonse, ndi chitukwano chomwe.
Pamenepo pokha sikisi faifi inabwerera.

Lamulungu ndinapalasa njinga kukaona bambo
kuseri kwa minda ya tiyi, kufupi ndi Muloza.
Zaka makumi atatu anaima mufakitale
pambali pa makina opukusa masamba,
anatuluka ndi wotchi yapakhoma
ndi chikalata chowathokoza.
Ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde.
Ndinawaveka tonse tiwiri, totchaja bwino,
ndinakweza nyimbo mpaka foni inandichenjeza.
Iwo anangondiyang'ana pakamwa
monga amayang'anira aliyense masiku ano.

Timatani timeneti?
Timapha phokoso, ndinatero.
Ati?
TIMAPHA PHOKOSO!
Nkhuku zinathawa pabwalo.
Anativula, n'kutitembenuza m'dzanja lawo lokakala
ngati mbewu yosadziwika.
Zingati?
Ndinawerenga ndi zala.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Anakubera, mwana wanga.
Anga anandipatsa ulere kufakitale
ndipo satha moto.

Mvula inayamba kukhoma malata.
M'nyumba mdzukulu analira, mbale inagwa,
mayi anawaitana katatu ndi dzina lawo lapaubwana.
Iwo anali kulowetsa ulusi pasingano,
nkhope ili phee.

Lolemba ndinabwerera kwa a Makwinja.
Ndimativalabe, ndi kakufako komwe,
ndimatikankhira mkati ndi chala chaufa
kuti titseke chomwe tingathe kutseka.
Mzere wa madengu umafika kumsewu.
Ndimatsanulira chimanga, lamba amakuwa,
galu uja amaima pamalo pake.

Madzulo ndikatseka chitseko chachitsulo
ndimativula, ndimatigoneka m'kabokosi kawo,
n'kuima kaye panja osapuma mokweza.
Ndimawerenga zomwe zatsala:
belu la kabaza,
achule a m'ngalande,
wailesi ya munthu wina kutsidya la msewu,
kondakitala akuitanira a ku Limbe.
Dzulo zinakwana zonse.
Lero achule ndawadikira nthawi yaitali,
mwina sanalire chabe.